Chiganizo Chimodzi, Madzi Awiri

Mnzanga wina ndi namwino pa chipatala china chaching'ono cha m'mbali mwa msewu wochoka ku Mangochi Boma kulowera ku Monkey Bay. Tsiku lina usiku ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "Achimwene, inu mumadyera zolembalemba. Tandiikirani mawu awa m'Chichewa chomveka, ndikawerenge pa sikelo Lachinayi." Mawuwo anali chiganizo chimodzi chokha cha m'Chingerezi, chimene bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limatanthauzira nacho kusabereka. Ndinamuuza kuti andipatse mphindi zisanu. Zinanditengera masiku anayi.

Choyamba chimene ndinalemba ndi ichi: "Kusabereka ndi matenda a ziwalo zoberekera za mwamuna kapena za mkazi, odziwika ndi kulephera kutenga pathupi patatha miyezi 12 kapena kuposerapo anthu akugonana pafupipafupi mosadziteteza."

Mphunzitsi akanandichonga. Liwu lililonse lili pamalo pake. Koma nditachiwerenga mokweza, monga mmene namwino angachiwerengere ataima pakhonde, amayi atakhala pansi atatambalala, ndinamva kuti chiganizochi chili ngati minibasi imene yanyamuka ndi anthu awiri n'kukafika ndi mmodzi. Koyambirira kuli mwamuna ndi mkazi. Pofika pa "kutenga pathupi", mwamuna uja watsika kale m'njira. M'Chichewa pathupi amatenga ndi mkazi, mwamuna amapereka. Ndiye ukangoti vuto ndi kulephera kutenga, wagamula mlandu usanakambidwe. Amene analemba m'Chingerezi anasankha mneni wosagwa mbali, wonena za chinthu chimene awiri amachipeza limodzi. Ife mneni wotero tilibe, kapena ndinene kuti sitinamufunepo.

Liwu loti "kulephera" nalonso linandisowetsa tulo. Papepala limaoneka lopanda mwini, koma mneni wa Chichewa sayenda yekha mtunda wautali. Womvera amamufunira mwini pompopompo: walephera ndani? Ndipo pamudzi yankho limakhala lili m'kamwa kale, likungodikira funso.

Tili ndi liwu loti chumba, ndipo limaluma. Mwamuna naye ali ndi ake: gojo, kapena mwa chipongwe, "anagwa m'papaya". Koma tamverani bwino mmene anthu amawanenera. Akamati wagwa m'papaya amatanthauza mwamuna amene kuchipinda zimamukanika. Nanga uja amene zonse zimayenda bwinobwino, koma mbewu yake ndi yochepa, kapena yaulesi, yosatha kusambira? Ameneyo alibe dzina, ndipo popeza alibe dzina, pabwalo la ankhoswe sapezeka. Ankhoswe akafunsa mkazi mwaulemu kuti, "Kodi bambowa m'nyumbamu ali bwino?" iye n'kugwedeza mutu kuvomera, nkhani ya mwamuna yathera pomwepo. Makolo athu sanali ogona, ankadziwa kuti vuto limatha kukhala kwa bambo. Mwambo wolowetsa fisi m'nyumba yosowa mwana ndiwo umboni wake. Koma unali mwambo wa usiku, wobisa wodwalayo kuti kukacha ayende mutu uli m'mwamba.

Eni ake a chiganizochi nawonso anapunthwa pachitsa chomwechi. Mu 2009, pamene WHO ndi komiti ya akatswiri yotchedwa ICMART anagwirizana za tanthauzoli, anangolemba kuti ndi matenda a ziwalo zoberekera, osatchula kuti za ndani. Mawu oti "za mwamuna kapena za mkazi" anachita kulowa pambuyo pake, ndipo mwamuna anamuika patsogolo. Munthu sawonjezera mawu pa chiganizo chimene anthu akuchimva bwino. Ndikuganiza kuti ku likulu la WHO ku Geneva nakonso anaona kuti ukangoti "ziwalo zoberekera", maso onse amatembenukira kwa mayi.

Kuno kunyanja mawu owonjezerawo ali ndi umboni wapakhomo. Mu 2017 ndi 2018 Dr Sekeleghe Kayuni ndi anzake anapempha asodzi a m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi chinthu chimene mwamuna sapereka wamba: umuna wawo, m'kabotolo. Mwa amene anavomera, pafupifupi mmodzi mwa 10 alionse anamupeza ndi mazira a likodzo mu umunawo poyang'ana pa maikulosikopu. Atagwiritsa ntchito njira yofufuza DNA ya nyongolotsi za likodzo, chiwerengero chinakwera kufika pa mmodzi mwa anayi. Sikuti onsewo ndi osabereka ayi. Koma ambiri a iwo akanafunsidwa pabwalo la ankhoswe akanatuluka opanda mlandu, uku m'thupi mwawo muli nthenda imene mkazi wawo sakuidziwa, iwonso sakuidziwa.

Liwu loti "matenda" ndinalisiya mmene lilili, ndipo ndimaliona kuti ndi lamtengo wapatali kuposa onse m'chiganizochi. Matenda amagwera aliyense, ndipo amapita nawo kuchipatala. Liwuli silinena kuti anamumanga ndi azakhali ake amene anawamana za ukwati. Silinena kuti anachotsa mimba zambiri ali mtsikana, kapena kuti jakisoni wolera anamuumitsa. Lipoti la WHO la mu Epulo 2023 linati munthu mmodzi mwa 6 alionse padziko lapansi amakumana ndi vutoli nthawi ina pa moyo wake, ndipo mayiko olemera ndi osauka sasiyana kwenikweni: 17.8 peresenti kwa olemera, 16.5 peresenti kwa enafe. Komatu m'dziko muno nkhani ya uchembere timaidziwira mbali imodzi. Kwa zaka zoposa 30 wailesi, zikwangwani ndi nyimbo za pa sikelo zakhala zikulalikira za kulera, ndipo zaphula kanthu: chiwerengero cha ana pa mayi mmodzi chinatsika kuchoka pa 6.7 mu 1992 kufika pa 4.4 mu 2015 ndi 2016. Pamene dziko lonse likudandaula kuti ana achuluka, mayi wopanda mwana amasowa mzere woti aimepo. Akafika pa sikelo amufunsa kuti mwana wamusiya kuti.

Pamene ndinakhalitsa kwambiri ndi pa mawu awiri aja, "ziwalo zoberekera". Ndi mawu aulemu, oti ungawanene apongozi ali pomwepo. Koma ali ngati chitseko chotseka, sakuonetsa kuti m'nyumbamo muli zipinda zingati. Ine ndinatsegula chipinda chimodzi, chaching'ono kwambiri, ndipo ndi mmene munathera masiku anga awiri.

Mkazi ali ndi matumba awiri a mazira, lina kumanja lina kumanzere kwa chiberekero, lililonse losaposa dzira la nkhunda. Amabadwa mazira ake onse ali kale m'menemo, oposa miliyoni imodzi, koma amene adzatuluke pa moyo wake wonse ndi pafupifupi 400 okha. Mwezi ulionse kagulu ka mazira kamadzuka, lililonse m'kathumba kakekake, ndipo timatumbato timayamba kudzaza madzi. Kamodzi kamapitirira tinzake n'kukula mpaka masentimita awiri, ngati sau lakupsa, tinzaketo n'kufota. Dziralo palokha ndi kanthu kovuta kukaona ndi maso, kachigawo kamodzi mwa magawo 10 a milimita. N'chifukwa chake Regnier de Graaf, dokotala wa ku Holland amene anafotokoza timatumbati mu 1672, ankayesa kuti kathumbako ndiye dzira lenilenilo. Panapita zaka 155 kuti Karl Ernst von Baer alione dziralo, mu 1827, m'thupi la galu.

Madzi a m'kathumbamo ndi achikasu pang'ono, ngati tiyi wosakolera. Ambiri amachokera m'magazi, koma amachita kusefedwa. Msodzi angamvetse msanga: khoma la kathumba lili ngati ukonde wa maso a muyeso wake. Mapuloteni ang'onoang'ono ndi apakatikati amadutsa, monga albumin, amene amachuluka kuposa onse, ndi transferrin wonyamula ayironi. Zikuluzikulu zimakodwa kunja. Mwa zonyamula mafuta za m'magazi, imene imalowa yambiri ndi HDL, poti ndiyo yaing'ono. Kenako maselo oyala m'kati mwa kathumbako amathiramo zawo, mahomoni ndi mapuloteni ena amene dzira limakhwima likuwamvera. Masiku onsewo dziralo silidziwa dziko lina koma madzi amenewa.

Ndipo madziwo sakhala chimodzimodzi. Pakati pa mwezi, kachiwalo ka pansi pa ubongo kamatulutsa homoni yotchedwa LH yambiri nthawi imodzi, ndipo pa maola pafupifupi 36 otsatira m'kathumba muja mumakhala piringupiringu. Maso a ukonde aja amakula, za m'magazi zimalowa zochuluka. Maselo amachepetsa estrogen n'kuyamba kupanga progesterone. Kumabwera mapuloteni ofewetsa ndi kudya khoma, ena oitana asilikali a m'magazi, ena monga VEGF omeretsa timitsempha tatsopano. Mu 1980 katswiri wa ku America, Lawrence Espey, ananena kuti zonsezi n'zofanana ndi kutupa, ndipo lero ofufuza ambiri amagwirizana naye. Amene anadwalapo chithupsa akudziwa mmene chimayendera: kutupa, kutentha, kupsa, kenako phuli. Mayi wathanzi amapsetsa kachithupsa kotere mwezi ndi mwezi, thupi likuchitira dala kuti dzira lipeze potulukira, ndipo pakangopita masiku ochepa bala lapola.

Kawirikawiri madzi amenewa amaonedwa ndi maso a munthu pa chithandizo cha IVF chokha, chija chokumanitsa dzira ndi mbewu ya bambo m'kambale ka mu labotale. Mayi amabayidwa jakisoni wa homoni ya FSH tsiku ndi tsiku kwa masiku 10 kapena kuposerapo pang'ono, kuti timatumba tija tisafote, tikule tambiri nthawi imodzi. Kenako amabayidwa jakisoni wina wogwira ntchito ya LH, ndipo patatha maola 34 mpaka 36, timatumba tisanaphulike tokha, dokotala amalowetsa singano yaitali akuyang'ana pa sikani n'kupopa madzi a kathumba kalikonse. Wa mu labotale amafunamo dzira ngati mayi wosankha mpunga m'lichero. Madziwo kale ankangotaya. Masiku ano ofufuza amawaika m'makina otchedwa mass spectrometer, amene amazindikira mapuloteni poyeza kulemera kwa zidutswa zake, ndipo amapezamo mitundu mazanamazana. Amayerekeza madzi a mayi wobayidwa jakisoni ndi a wosabayidwa, a wachitsikana ndi a amene akuyandikira zaka 40, a amene mazira ake sakhwima bwino chifukwa cha nthenda yotchedwa PCOS ndi a amene alibe vutolo, otengedwa jakisoni womaliza uja asanabayidwe ndi otengedwa pambuyo pake. Magulu amene amapezeka akusinthasintha ndi omwewomwewo: mapuloteni a chitetezo cha thupi, oundanitsa magazi, onyamula mafuta, ndi otchinjiriza maselo kuti asawonongeke. Akufuna kuti tsiku lina adzathe kuwerenga madziwo n'kuloza kuti dzira ili ndilo lidzakhale mwana. Sanafikepo, mpaka lero amasankhabe makamaka ndi diso pa maikulosikopu. Chimene anaphunzira mowawa n'chakuti thupi likamva mankhwala mopyola muyeso, VEGF uja amachuluka, mitsempha imayamba kuchucha, madzi n'kudzaza m'mimba mwa mayi mpaka kumugoneka m'chipatala.

Ndinadzifunsa kuti zonsezi ndikuwerengeranji pamene munthu wandipempha chiganizo chimodzi. Kenako ndinaona kuti chiganizocho ndi tikiti. Chimanena tsiku limene banja liyenera kusiya kudikira n'kuyamba kupimidwa: umuna, mahomoni, machubu, ndipo zonse zikakanika, IVF. Amene anachilemba ankadziwa kuti kuseri kwa miyezi 12 kuli basi imene ikudikira.

Louise Brown, mwana woyamba wa IVF, anabadwa pa 25 Julayi 1978 ku Oldham, ku England, mwa ntchito ya Patrick Steptoe, Robert Edwards ndi Jean Purdy. Mayi ake anali ndi machubu otsekeka, njira zija zimene dzira limadutsamo popita kuchiberekero. Mu 1984 chipatala cha Tygerberg ku Cape Town chinalandira wake woyamba. Ndiyeno mu 1985 kafukufuku wa WHO amene anatuluka m'magazini ya The Lancet anaonetsa kuti kutsekeka kwa machubu chifukwa cha matenda n'kofala pakati pa amayi osowa ana a mu Africa kuposa kwina konse. Ndiye kuti chithandizochi chinapangidwira vuto lathu lenileni, koma chinakamanga nyumba kutali. Mayi wa ku Makanjira amene machubu ake atsekeka, mazira ake akhoza kukhala abwinobwino, madzi a m'kathumba kake akhoza kukhala ndi puloteni iliyonse pamuyeso wake, koma palibe adzawaone. Zipatala za m'maboma sizipanga IVF, ndipo amene thumba lawo limalola amakwera ndege ya ku South Africa kapena ku India.

Madzi amene amagamula nkhani ya mayi ameneyu ndi ena. Tapitani pagombe la Makawa kapena la Malindi dzuwa likungotuluka kumene. Ngalawa za usipa zikukocheza, nyali azimitsa. Amayi alowa m'madzi mpaka m'mawondo, chitenje atachikwinyira m'mwamba, beseni m'manja, akunenerera mtengo kwa asodzi. Chapambali, pafupi ndi bango, mtsikana wa sitandade 3 akukwecha poto ndi mchenga, mng'ono wake akusambira pomwepo. M'bango momwemo muli nkhono zing'onozing'ono za mtundu wa Bulinus, ndipo dzuwa likamakwera zimatulutsa tizilombo tosaoneka timene timaboola khungu munthu osamva kanthu. M'thupi timakula n'kukhala nyongolotsi, yaimuna itafungatira yaikazi, zokhala m'mitsempha yozungulira chikhodzodzo ndi ziwalo zoberekera zomwe zija, zaka ndi zaka, zikuikira mazira mazana tsiku lililonse.

Apa pali chinthu chimene chinandiimitsa mutu. Dzira la likodzo ndi lotalikirapo pang'ono chabe kuposa dzira la munthu, kungoti ndi lowonda ndipo lili ndi kamunga kumapeto. Nalonso limatuluka mwa njira ya kutupa. Limatulutsa mapuloteni ake oputa asilikali a m'thupi, iwo n'kuliunjirira, ndipo chipwirikiti chimenecho ndicho chimalithandiza kuboola khoma la chikhodzodzo mpaka kugwera mumkodzo. Ndiwo magazi aja ana a kunyanja amakodza. Mazira awiri a msinkhu umodzi, m'chiuno chimodzi, ogwiritsa ntchito chida chimodzi. Koma kutupa kwa dzira la mayi kumatha m'masiku ochepa. Mazira a likodzo ambiri amasochera, amakodwa pa khomo la chiberekero, m'njira yoberekera, m'machubu, ngakhale m'matumba a mazira momwemo, ndipo pamenepo kutupa sikudziwa poimira. Kumasiya zipsera.

Zimenezi sizochita kumva kuchokera kunja. Pa chipatala chachikulu cha Mangochi, gulu la madokotala, mmodzi mwa iwo Eyrun Kjetland wa ku Norway, linapima amayi 51 amene anali ndi likodzo mumkodzo, ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 1996: amayi 33 anali ndi mazirawo m'ziwalo zoberekera. Awiri mwa atatu alionse. Zizindikiro zake ndi kuyabwa, chikazi chachilendo, kumva kuwawa kapena kutaya magazi pogonana, zimene aliyense, ngakhale wachipatala amene watanganidwa, amazitenga ngati matenda opatsirana pogonana. Choncho mayi amagwa pamilandu iwiri, wosabereka ndi woyendayenda, pamene kuyenda kwake kunali kochoka pakhomo kupita kunyanja kukatsuka mbale. Praziquantel, mapiritsi akuluakulu owawa aja ana amamwa kusukulu, amapha nyongolotsi koma safufuta chipsera chakale. Sindikunena kuti machubu onse otsekeka m'boma lino anatsekedwa ndi likodzo. Chinzonono, chlamydia, ndi matenda olowa pambuyo pobereka kapena pochotsa mimba mobisa zili ndi gawo lalikulu. Ndikungoti mawu oti "matenda a ziwalo zoberekera" amaloza pansi pa mchombo, pamene kuno ena mwa matendawo amayambira pa mjigo umene unawonongeka chaka chatha osakonzedwa.

Za miyezi 12 zili ndi maziko ake. Mwa mabanja 100 amene mkazi sanakwane zaka 40, oposa 80 amaona pathupi chaka chisanathe, ndipo mwa otsalawo pafupifupi theka amaona m'chaka chachiwiri popanda mankhwala alionse. Chiwerengerochi chikungonena zimene akuluakulu ananena kale, kuti kuona maso a nkhono n'kudekha, ngakhale kuti kuno nkhono yomweyo ndiyo yatilakwira. Mayi akapitirira zaka 35 madokotala amadula pakati, amati miyezi 6 yakwana. Koma pamudzi kalendala ndi ina. Msuweni wanga wina atakwatiwa, agogo anayamba kumuyang'ana m'khosi ndi m'maso mwezi wachitatu. Mwezi wachisanu anamuitanira kuseri kwa nkhokwe: "Iwe, uno wasambanso?" Mvula isanagwe mizu inali itanyikidwa kale m'botolo pansi pa bedi. Ndipo kuno, kumene amuna ambiri amakhala pachikamwini, kunyamuka sikuvuta: chikwama pakaliyala, basi. Janine Barden-O'Fallon, amene anafufuza nkhaniyi m'midzi ya Mangochi n'kulemba zimene anapeza mu 2005, anaona kuti anthu amadziwerengera kuti ali ndi vuto la kubereka ngakhale ana alipo, malinga akhale ochepa kuposa amene ankawayembekezera, kapena akuchedwa kubwera. Wa ana awiri amene wachitatu sakuoneka naye amagogoda kwa sing'anga.

Tsono chiganizo chathu chimathera pa pathupi, pamene mudzi umawerenga mwana kumsana. Mayi amene waima katatu, katatu konse n'kupita padera, pa tanthauzo limeneli sali m'gulu la osabereka. Vuto lake lili ndi dzina lina pa tsamba lina. Koma amayi akasonkhana kulangiza wa pathupi poyamba, mwambo umene Ayao amautcha litiwo, mawu ake samveka, chimodzimodzi a uja sanaimepo n'kamodzi komwe.

"Mosadziteteza" ndi liwu limene tinaliphunzirira pamaliro. Namwino yemweyu watha zaka akuuza anthu kuti adziteteze, ndiye lero aime pakhonde lomwelo anene kuti khalani chaka chathunthu mosadziteteza? Kwa banja limene mmodzi ali ndi HIV, liwuli limafuna chiganizo china pambali pake, chonena kuti womwa ma ARV mokhulupirika mpaka kachilombo kosaonekanso m'magazi sapatsira mnzake. Ndinalichotsa n'kuikapo "osalera", poti chimene olemba ankafuna kunena ndi chimenecho.

Kunatsala "pafupipafupi", kaliwu kooneka kosalakwa. Madokotala akamatero amatanthauza masiku awiri kapena atatu alionse, chifukwa dzira likatuluka limakhala ndi moyo tsiku limodzi lokha, mbewu ya bambo masiku osaposa asanu, moti pamwezi wonse masiku oti pathupi pangalowe ndi 6 basi. Wolemba ankaganiza za mwamuna ndi mkazi ogona denga limodzi chaka chonse. Sankaganiza za Mangochi, kumene m'midzi mwadzaza nyumba zamalata zomangidwa ndi ndalama za ku Joni, eni ake ali ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town, obwera pa Disembala kapena pa Eid, mwinanso patapita zaka zitatu. Sankaganiza za msodzi amene amatsata usipa ku Msaka, ku Makanjira mpaka kumpoto, n'kutha miyezi akugona m'zisakasa. Mkazi wa munthu wotere akhoza kutha zaka zisanu pabanja miyezi 12 ya WHO isanakwane. Pa kalendala ya apongozi ndi chumba, pa kalendala ya chipatala sanayambe n'komwe kuwerengedwa.

Lachitatu usiku ndinatumiza izi: "Mwamuna ndi mkazi akakhala limodzi chaka chathunthu, akugona pamodzi masiku ambiri, osalera, koma pathupi osaoneka, ndiye kuti pali matenda. Akhoza kukhala mwa bambo, mwa mayi, kapena mwa onse awiri. Abwere onse kuchipatala." Iye anayankha kuti, "Achimwene, ndinakupemphani chiganizo chimodzi, mwandipatsa zitatu. Chomalizacho a WHO sananene." Ndinavomera kuti chimenecho n'changa.

Za Lachinayi anandifotokozera pa foni. Amene anamumvera onse anali ndi ana kumsana kapena pamiyendo, poti pa sikelo pamabwera otero. Ena anaseka pa mawu oti "mwa bambo". Atatha kukweza ana onse, mayi wina amene anabwera ndi mwana wa mng'ono wake anatsalira, akumasula ndi kumanganso mfundo ya chitenje mpaka benchi itatsala yokha.

"Anesi, chaka mwanenacho tiziwerenga kuyambira liti? Poti bambo akunyumba ali ku Joni. Chino n'chaka chachinayi, abwerapo katatu."

"Akabwera amakhala nthawi yaitali bwanji?"

"Milungu itatu. Ulendo wina anatha mwezi."

"Inuyo munakulira kuti, mayi?"

"Konkuno kunyanja."

"Munakodzapo magazi muli mwana?"

Mayiyo anaseka. "Alipo amene sanakodzepo?"

Namwino analemba m'buku lake la kuchipatala, n'kumupatsa kabotolo ka mkodzo. "Akabwera Disembala mudzabwere nawo. Tidzawalembera kalata, nawonso kuli kabotolo kawo."

Mayi uja anagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. "Kabotolo? Bambo aja?"

Anabereka mwana wa mng'ono wake kumsana, n'kulowera cha kuchimbudzi akupukusa mutu, kabotolo kake atakafumbata m'manja.